Funsani Anamwino: Malungo sakupezeka koma mwana akungofooka

FUNSO: Anamwino, mwana wanga wamwamuna wazaka 7 wakhala akutentha thupi pafupipafupi kwa miyezi iwiri. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno amuyeza malungo kawiri koma sanawapeze. Pano zikhatho ndi m'maso mwayera, akatsuka mano nkhama zimatuluka magazi, ndipo m'khosi muli anabele osapweteka. Agogo ake akuti tikamutemere mphini. Nditani? — Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO: Mayi, ndiyambire pa mphinipo. Chonde musamuteme. Mwana amene nkhama zikutuluka magazi popanda chifukwa akhoza kukhala kuti magazi ake sakuundana bwino, ndipo kabala kakang'ono ka lumo kakhoza kuvuta kusiya kukha. Agogo akunena mwachikondi, koma awuzeni mwaulemu kuti ayambe adikira. Musamupatsenso Aspirin kapena Brufen, chifukwa amawonjezera kutaya magazi.

Zimene mwalembazi zandidetsa nkhawa chifukwa zabwera pamodzi. Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Pa khansa ya m'magazi yotchedwa leukaemia, maselo oyera osakhwima amachulukana m'menemo mpaka kupanikiza anzawo. Maselo ofiira akachepa, mwana amayera ndi kufooka. Oteteza thupi akasowa, amangotentha thupi. Tizigawo toundanitsa magazi tikachepa, mumaona kamfuno, magazi m'nkhama, kapena timadontho tofiirira pakhungu. Ana ena amalira kuti mafupa akuwawa, ngakhale kukana kuyenda.

Sindikuti mwana wanu ali ndi khansa. TB nayo imatupitsa anabele, kuwondetsa ndi kutulutsa thukuta usiku, ndipo matenda ochepetsa magazi ndi ambiri. Chosiyanitsa ndi kuyeza. Pitani kuchipatala cha boma cha m'boma lanu sabata ino, mutatenga buku lake la kuchipatala. Fotokozani zonse monga mwandilembera ine, kuti malungo sanapezeke kawiri, ndipo pemphani kuti amuyeze full blood count. Uku n'kuwerenga magazi onse, n'kosiyana ndi kubaya chala kwa malungo kuja. Amayi ambiri amaopa kupempha poganiza kuti adokotala akwiya. Musaope, mwanayo mumagona naye ndinu.

Zotsatira zikakayikitsa, adzakulemberani kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe kuli madokotala a khansa ya ana. Kumeneko angatenge timafuta ta m'fupa la m'chiuno, kapena kanyama ka mwanabele, n'kukayeza. Magazi akayamba kutuluka osasiya, kapena mwana akayamba kubanika, musadikire kuti kuche.

Owerenga ena mudziwenso za Burkitt lymphoma, khansa yofala kwambiri pakati pa ana kuno ku Malawi. Dokotala Denis Burkitt anaifotokoza mu 1958 ali ku Uganda, ndipo imakonda madera a malungo ambiri. Imatupitsa nsagwada, diso kapena mimba, mano n'kugwedera, ndipo imakula m'masabata ochepa chabe. Makolo ambiri amayesa ndi dzino. Koma imamva mankhwala, ndipo ana ambiri ofika msanga amachira.

Mankhwala a khansa amatenga miyezi, a leukaemia amapitirira ngakhale zaka ziwiri, ndipo mwana akayamba kuoneka bwino si nthawi yosiya. Choncho khalani pansi ndi bambo ake komanso agogowo kuyambira pano, mugwirizane za thiransipoti ndi amene adzatsale ndi ana ena kunyumba. Mukabwerako mundilemberenso, Mayi.