Kwa achimwene a seva yokalamba ya mushopu ya hadiweya

Achimwene, mwafunsa ngati mugule seva ina kapena musamukire pa cloud (makompyuta a makampani ena omwe mumabwereka kudzera pa intaneti), popeza Dell yanu ya Windows Server 2012 R2 ikulira mafani ndipo disiki imodzi yayatsa getsi la orenji. Musanapite kukafunsa mitengo, lero lomwe lino kopani zonse pa disiki yakunja. Getsi limenelo likukuuzani kuti disikiyo yafa kapena ili pafupi kufa. Ngati madisiki anu ali pa RAID 5 (njira yolumikiza madisiki angapo kuti azigwira ntchito ngati imodzi), imodzi ikafa makina amayendabe, koma yachiwiri ikatsatira, zonse zapita. Madisiki ogulidwa tsiku limodzi amakalambira limodzinso, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene mwalowetsa yatsopano, chifukwa otsalawo amakakamizika kuwerengedwa kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Mukakopa, musangoika disikiyo m'kabati. Tsegulani bekapu ya Pastel, pulogalamu yanu ya maakaunti, pa kompyuta ina, muone ndi maso anu ngati ma invoice a sabata yatha ndi ngongole za makasitomala zilimo. Ndinaonapo mwini shopu akugwetsa misozi atapeza kuti bekapu yomwe ankaidalira inasiya kulemba kalekale, popanda woizindikira.

Kuipumitsa kokha sevayo musakayikenso. Microsoft inasiya kutseka mabowo a chitetezo pa 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023. Mu 2017 vairasi ya pa kompyuta yotchedwa WannaCry inaimitsa ntchito m'zipatala zambiri za NHS ku Britain polowera pa makina osatsekedwa mabowo chimodzimodzi. Wina akakubweretserani ya Server 2016 yotchipa, kanani, nayonso ikutha mu Januwale 2027. Ya 2022 ikufikitsani mu Okutobala 2031. Muuzeni wogulitsa alembenso mtengo wa ma CAL (malayisensi a munthu kapena kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku seva) pa kotesheni, chifukwa layisensi ya seva payokha siikwanira antchito anu onse.

Tsono pamene ambiri amagwa mpapa. Seva yomwe yakhala zaka zambiri pakona imagwira tintchito tomwe aliyense anaiwala. Mwina ndiyo imagawa ma IP (manambala a pa netiweki) kwa makompyuta onse, ndiyo imasunga mapasiwedi a antchito, pulinta ya malisiti imadutsa momwemo, sikana ya mu ofesi imaponya mapepala mu foda yake. Khalani pansi ndi munthu wanu wa IT, mulembe zonsezi m'kope, limodzi ndi malayisensi ndi pasiwedi ya administrator. Ngati pasiwediyo ili m'mutu mwa mnyamata yemwe anakuikirani makina kale uja, mufunefuneni panopa ubale ukadali bwino. Funsaninso a Pastel ngati yomwe muli nayo ingayende pa Windows yatsopano, poti mwina nayonso ifunika kukwezedwa, ndipo ndi ndalama zina.

Za cloud, walira mvula walira matope. Maimelo ndi mafayilo wamba, apititseni pa Microsoft 365 kapena Google Workspace, mupumule. Koma kumbukirani kuti mitengo yake imatsatira dola mwezi ndi mwezi, ndipo mukudziwa mmene forex ikuvutira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabilu otere anakwera tsiku lomwelo. Komanso intaneti ikaduka Loweruka m'mawa, mzere wa ogula simenti uli pakhomo, mugulitsa bwanji? Ine pa makompyuta 8 anuwo ndikanagula seva yaing'ono ya tower yokhala ndi madisiki a SSD awiri osunga zofanana, Pastel n'kukhala pompo, bekapu imodzi pa disiki yopita nayo kunyumba, ina pa cloud.

UPS, bokosi la mabatire losunga magetsi lija, musaiwale. Mabatire ake amatha pa zaka 3 mpaka 5, ndipo yanuyo ngati inabwera limodzi ndi seva, ndi bokosi chabe tsopano. Gulani yokhala ndi chingwe cha USB, yotha kuzimitsa seva mwadongosolo magetsi akathima.

Samukani Loweruka mukatseka shopu, osati kumapeto a mwezi pamene akauntanti ali kalikiliki ndi za MRA. Seva yakaleyo muizimitse n'kuisiya pomwepo mwezi wathunthu, kuti chikasowa kanthu mungoiyatsa. Mwezi ukatha zonse zili bwino, chotsani madisiki musanaigulitse kapena kupatsa munthu. Muli malipiro a antchito ndi manambala a makasitomala mmenemo, ndipo kufomata kokha sikufufuta. Afufuteni ndi pulogalamu yofufutira madisiki ya DBAN, kapena abooleni ndi drilu ya mushopu mwanu momwemo.