Sevisi yoyamba pangani nokha, bawuti ya oyilo asakumangireni munthu

Achimwene amene mwafunsa m'gulu muno za sevisi yoyamba ya njinga yamoto yatsopano, pangani nokha, musaope, 500 km yakwana kale ndiye musadikirenso za kwa makaniko, pokhapokha ngati shopu inakupatsani buku la walanti. Ine ndikamva munthu akuti njinga yatsopano ndikaisiya ku shopu andipangire sevisi ine ndizikazungulira mtauni, mtima umandiwawa mpaka pano. Oyilo amene njinga imabwera naye uja si wokhalitsa, injini ikakhala yatsopano zitsulo zimakhala zikupalana kuti zikhazikike, pisitoni, maring'i, magiya, zonse zimataya tizitsulo ting'onoting'ono, ndipo njinga zathuzi oyilo wake ndi mmodzi yemweyo wa injini, wa magiya ndi wa kilatchi, kuchuluka kwake lita imodzi kapena kuchepera pang'ono. Mukamutsanulira m'mbale n'kumuyang'ana padzuwa mumuona akunyezimira. Ntchito yake ndi ya sipanala ndi mbale basi.

Yangayo inali ya 150cc ya ku China, ya mu bokosi, mapulasitiki ali pampando, ndinagula ndi ngongole ya banki m'khonde kuphatikiza ndalama ya soya. Pa shopu anandiuza kuti ikakwana 500 mubwere nayo kuno, mukaigwiragwira nokha walanti yatha. Ndinamvera ndithu, liwiro osapitirira 50, makasitomala a matumba ndinkawakana mpaka anzanga pa siteji kumandiseka kuti aise wagula njinga kapena thireyi ya mazira. Tsiku la sevisi makaniko wamkulu kunalibe, akuti wapita kukatenga katundu, njinga anaipereka kwa kamnyamata kophunzira ntchito ndipo bwana wa shopu anati khalani panja pa benchi, mkati simulowa makasitomala. Chapatali ndinakaona kakumanga bawuti yotulutsira oyilo pansi pa injini, kakulowetsa paipi ku sipanala n'kuitsamira ndi thupi lonse, nditafunsa akuti tikumanga kuti isadonthe. Buku la sevisi anati adinda akuluakulu akabwera, mudzadutse tsiku lina.

Loweruka lake ndinanyamula mayi wina wachikulire wopita ku maliro ku Mitundu, ali ndi kathumba ka ufa pamiyendo. Unali Okutobala, dzuwa lili pamutu, tili mu msewu wa ku Bunda. Choyamba linabwera fungo la oyilo wopserera, ine n'kumati ndi minibasi yomwe inali kutsogolo ikufuka. Kenako injini inasintha kalilidwe, inayamba ngwe ngwe ngwe, mphamvu kuchepa, ndikapotokola mafuta osayankha, ndipo njinga zimenezi zilibe getsi lokuuza kuti oyilo watha, imangokhala chete mpaka basi. Ndisanaganize n'komwe zoima tayala lakumbuyo linangoti gwa, kuuma, ndipo linali litanyowa kale ndi oyilo, njinga inayamba kupita chammbali, ndinafinya kilatchi koma inali itatembenuka kale. Kumbuyo kunali lole ya mchenga, huta yake ndimaimvabe m'makutu, inatidutsa pafupi kwambiri mpaka mphepo yake inandiwomba kumsana ife tikugwera m'fumbi m'mbali mwa msewu. Ine ndinasupuka chigongono ndi bondo, zimenezo n'zazing'ono. Mayi aja mwendo wawo unapanikizika pa ekizozi, injini yoti yayenda yopanda oyilo mukudziwa mmene imatenthera, pomwe ndimadzutsa njinga chitenje chinali chitamatirira pa katumba, khungu litayera. Ufa uli mbwee pa tala. Anthu anasonkhana nthawi yomweyo, wina akuti a kabaza ndi choncho kuthamanga, wina akuti waledzera ameneyu mumununkhize, wina akujambula pa foni, woti athandize kudzutsa mayi palibe. Mayi aja sanandikalipire, anangoti mwana wanga ndiye ku maliro kuja ndifika bwanji, bola akanandituka.

Nditagwada kusuzumira pansi pa injini bawuti panalibe, bowo lokha, m'mphepete mwake mukulendewera tizingwe toyera ta thiredi tepi ija amamangira mipopi ya madzi, ndi tizidutswa ta aluminiyamu. Kumbuyo pa tala mzere wakuda wautali kubwerera komwe timachokera. Kamnyamata kaja kanadula mathiredi, timizere ta m'bowo tomwe bawuti imagwira, ndi paipi yake ija, kataona kuti bawuti ikungozungulira kanakulunga tepi n'kukankhira momwemo osauza munthu. Kiki ndinaiponda ndi thupi lonse osatsika, injini yanoka, njinga yoti sinakwane ndi 700 km yomwe.

Mayi ndinawakweza pa njinga ya mnzanga kupita nawo kuchipatala, zonse kulipira ine, maliro sanafikeko, njinga inabwerera mtauni pa pikapu ya hayala. Ndiye mumve za ku shopu. Bwana uja anatsegula buku n'kunena kuti palibe chidindo apa, ndiye kuti sevisi simunapangire kuno. Ndinati si inu munandikhazika pa benchi iyo, akuti makasitomala ndi ambiri sindingakumbukire aliyense. Kamnyamata kaja kataona nkhope yanga kanazembera kuseri, ndikuti kaitaneni akuti kanasiya ntchito, pomwe ovolosi yake ndikuiona pa msomali. Kenako anasintha nyimbo, akuti munamasula nokha kunyumba, a kabaza mumatero. Munthu wamkulu, wa mimba yake, kunama maso ali gwa chifukwa cha pisitoni. Kamwana kaja sindikakwiyira kwenikweni, sikanaphunzitsidwe, amene ndimamusungira ndi iye uja amene amatenga ndalama ya sevisi n'kupatsa njinga yatsopano mwana woti sadziwa kuti pansi pa injini ndi aluminiyamu, chitsulo chofewa, bawuti ndi yolimba kuposa pomwe ikulowa. Amatiopseza ndi walanti pogula, tsiku loti walanti igwire ntchito sakudziwani.

Anandithandiza ndi makaniko wina wa pansi pa mtengo, atatsegula pisitoni inali itamatirira, maring'i osweka, buloko yokalikakalika, ndinagula zonse zatsopano ndipo bowo lija analidula mathiredi ena n'kuika bawuti yokulirapo. Masabata onse amenewo njinga ili pansi amayi a banki m'khonde akufuna zawo sabata ndi sabata. Imayenda mpaka lero koma imadya oyilo.

Ndiye inu chitani chonchi. Iyendetseni kaye pang'ono oyilo atenthe, muimike pa sitandi yapakati pamalo osapendekeka, masulani bawuti yapansi, zambiri ndi sipanala ya 17, gwiritsani ya ring osati yotsegula kukamwa. Ngati injini yanu ndi izi zofanana ndi Honda CG, chakumanzere mmunsi kuli chitsekero chachikulu cha 24, mkati muli sipuling'i ndi kasefa, onetsetsani mmene zatulukira kuti mubwezere chimodzimodzi, kasefako tsukani ndi palafini muona zomwe kagwira. Pobwezera bawuti yambani ndi zala mpaka ifike yokha, ikalimba poyambirira ndiye kuti yalowa mokhota, bwezani. Ikafika mungokoka pang'ono ndi sipanala, dzanja limodzi, washala ikhalepo. Oyilo gulani wa njinga, pa botolo palembedwe 4T ndi JASO MA, 20W-50 ndi amene ambiri timathira kuno kotentha, ndipo zomwe ena amanena kuti wa galimoto ndi chimodzimodzi ayi, wina wa galimoto amatereretsa kilatchi chifukwa kilatchi yathu imakhala m'oyilo momwemo. Wa m'mabotolo a madzi wa m'mbali mwa msewu uja musayerekeze. Poyeza oyilo kandodo koyezera kaja pukutani n'kungokakhazika osakapotokola, njinga ili chilili, mukatero lizani injini pang'ono, zimitsani, yezaninso, ikani katoni pansi usiku muone m'mawa ngati padontha.

Musaiwale kuti njingazi zimabwera m'mabokosi n'kumangidwa pa shopu ndi anyamata omwewo, ndiye zungulirani nati iliyonse, za matayala, za mahandulo, za mashoko, zogwira injini, za ekizozi, za keriyala, muona zina zikuzungulira ndi zala. Tcheni chatsopano chimatamuka msanga, pakati pake chizisewera 2 mpaka 3 cm, osachikoka ngati mmene ena amachitira kuti chisalire, chimadya masipuroketi ndi mabering'i, ndipo pokoka zizindikiro za mbali zonse ziwiri zifanane kuti tayala lisakhote. Masipoko agogodeni ndi sipanala, yolira mosiyana ndi anzake ndiye yamasuka. Buleki ndi kilatchi zisewere pang'ono zisanagwire.

Koma matapeti okha, aja osinthira mpata wa mavavu pamwamba pa injini, musagwire ngati mulibe fila geji, kachida koyezera mpatawo, pamenepo pamafunika injini yozizira ndi pisitoni ili pamwamba, mpata wake ndi kanthu kochepa ngati 0.05 mm malinga ndi buku la njinga yanu, mukamanga kwambiri imavuta kuliza m'mawa ndipo vavu imapsa. Zimenezo pitani nazo kwa makaniko. Komanso kunena zoona ngati shopu yanu inakupatsani buku la walanti, pitani nayo komweko sevisi yoyambayi, chifukwa tsiku lomwe giya idzavute adzayamba kufunsa chidindo, ndipo mukadzati ndinasintha ndekha nkhani yathera pomwepo. Kungoti musakhale pa benchi, imani pomwepo, oyilo mugule nokha botolo losatsegula athire mukuona, bawuti yapansi mumange ndi dzanja lanu, akakana tengani njinga yanu muzipita. Chidindo, deti ndi makilomita alembe musanalipire, mujambule pa foni. Mukafika 1,000 km musinthenso oyilo kachiwiri kunyumba, ameneyo safuna chidindo cha munthu. Tumizani chithunzi cha pansi pa injini yanuyo m'gulu muno ndikuuzeni yomasula ndi iti, chifukwa pa njinga zina pafupi pomwepo pali bawuti ina yomwe si ya oyilo.