Hard drive yanu siinafe, XP ndiyo sikuiona

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene ali ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kudula zomata za pagalimoto. Makina awo odulira zomata ndi akale, ndipo pulogalamu yoyendetsera makinawo imagwira pa Windows XP pokha. Mphwawo, pofuna kuwathandiza, anaika Windows 10 pa kompyuta ya m'shopumo, basi makina aja anangoti zii. Tsopano akufuna kubwezeretsa XP. Aika CD ya XP, zayamba bwinobwino, koma chapakati kompyuta yawauza kuti siikupeza hard drive iliyonse. Akufunsa kuti: kodi yafa, ndikagule ina? Nanga ndiikonze bwanji kuti XP ilowe?

Bambo, ndalama yanu isungeni kaye. Ngati Windows 10 ikutsegukabe, hard drive imeneyo ili moyo. Vuto ndi kusiyana msinkhu. XP inatuluka mu 2001, pamene ma hard drive ambiri ankalumikizidwa ndi lamba wotambalala uja wa IDE. Yanuyo iyenera kuti ndi ya SATA, ya kachingwe kakang'ono, ndipo CD ya XP ilibe driver, kapulogalamu kothandiza Windows kulankhula ndi chipangizo, yolankhulira ndi SATA ikaikidwa pa AHCI, njira yatsopano imene kompyuta imayendetsera hard drive ya SATA. N'chifukwa chake ena amaona uthenga umene mwaonawo, ena sikirini imangosanduka yabuluu n'kulemba 0x0000007B.

Koma musanakhudze kalikonse, pulumutsani ntchito zanu. Apa ndikupemphani ndi mtima wonse, chifukwa ndinalakwitsapo ndekha. Ndikukonza kompyuta ya mayi wina wosoka zovala, ndinakopera Documents yonse, ndinafomata, kenako mayi uja akundifunsa za zithunzi za ukwati wa mwana wake zimene zinali pa Desktop. Sanakalipe. Anangokhala pansi n'kugwira chibwano, ndipo nkhope ija sindiiiwala. Inuyo koperani Desktop, Documents, Downloads ndi mafayilo onse a makasitomala. Popeza ndinu wosindikiza, musaiwale ma font a mu C:\Windows\Fonts, chifukwa kasitomala akadzabwera kufuna chikwangwani chofanana ndi cha chaka chatha, zilembo zake zili mmenemo. Mukatha, tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina muone ngati akutsegukadi.

Windows 10 ikadalipo, ikani kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo. Kakalemba Good, pitirirani. Kakaonetsa chikasu n'kulemba Caution, kapena mukamva hard drive ikulira kuti kete kete poyatsa, pamenepo ndiye mugule ina. Nthawi yomweyo pitani pa tsamba la kampani imene inapanga kompyutayo, mutenge ma driver a XP a chipset (tizipangizo ta pa bodi yaikulu ya kompyuta), a zithunzi, a network ndi a makina anu odulira. Mukapeza kuti kompyutayo ilibe ma driver a XP, imani pomwepo. Ndi bwino kufuna kompyuta ina yakale yogwiritsidwapo kale ntchito kusiyana n'kufufuta iyi n'kutsala manja m'khosi.

Tsopano pukutani hard drive. Windows 10 mwina inaigawa magawo mwa dongosolo latsopano la GPT, pamene XP imene muli nayoyo imadziwa dongosolo lakale la MBR lokha. Zulani ma hard drive ena onse ndi ma flash osafunika, kuti dzanja lisaphonye. Yatsani kompyuta ndi flash yoikira Windows 10 kapena 7, ndipo pa sikirini yoyamba dinani Shift ndi F10 pamodzi. Pawindo lakuda limene litseguke, lembani diskpart, kenako list disk. Yang'anitsitsani kukula kwa disk iliyonse kuti musasokoneze hard drive ndi flash imene mwayatsirayo. Kanyenyezi kakaoneka pansi pa GPT, ndiye kuti taganiza bwino. Lembani select disk 0, ngati yanuyo ndi nambala 0, kenako clean. Lamulo limeneli silifunsa kawiri, bambo. Mukangodina Enter, magawo onse apita. Likatha, lembani convert mbr, kenako create partition primary size=40960, kenako active. Mwapanga chigawo cha 40 GB, chokwanira bwino XP ndi mapulogalamu anu. Malo otsalawo mudzapange chigawo chachiwiri chosungirako ntchito, kuti tsiku lina mukadzafomatanso C, chigawo cha XP chija, mafayilo anu asadzapite nawo.

Mwina mufunsa chifukwa chake sindikusiyira CD ya XP kuti ipange yokha chigawocho. Imatha ndithu, koma imayambitsa chigawo pa sector 63, kutanthauza kagawo kakang'ono ka nambala 63 ka hard drive, monga zinkakhalira kale. Ma hard drive ambiri atsopano ndi ma SSD (zosungira za masiku ano zopanda mbale yozungulira) amasunga zinthu m'timagawo ta 4 KB, ndiye chigawo choyambira pa 63 chimakhala chopendekeka, ndipo kulemba kulikonse kumakhala ntchito yowirikiza. Kompyuta imayenda ngati yolemedwa, mwini wake n'kumada XP pachabe. Windows 7 ndi 10 zimayambitsa chigawo pamalo oyenera.

Chotsatira ndi BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta imene imayamba Windows isanatseguke, ndipo apa ndi pamene pagona yankho la funso lanu. Poyatsa dinani F2 kapena Del, makompyuta ena F10. Funani pamene palembedwa SATA Mode kapena SATA Operation, musinthe kuchoka pa AHCI kupita pa IDE, kuti XP iione ngati hard drive yakale ija. Ena amalemba ATA, ena Compatibility, koma n'chimodzimodzi. Ngati pali Secure Boot izimitseni, ndipo Boot Mode ikhale Legacy. BIOS ikakhala kuti ilibe IDE, njira yotsala ndi kudina F6 CD ikangoyamba n'kupereka driver ya SATA kuchokera pa floppy, kapena kulowetsa driver imeneyo mu CD yatsopano ndi pulogalamu ya nLite. Zimenezo zikakukanikani mundilembenso.

Mukayatsa ndi CD, chigawo chanu cha 40 GB chioneka. Chisankheni, mufomate ndi NTFS, ya quick ndi yokwanira popeza mwayeza kale hard drive. Njira ina yofomatira ya FAT32 isiyeni, siilandira fayilo yoposa 4 GB. Onaninso CD yanu: ngati ndi XP yoyambirira yopanda Service Pack (zokonza zimene Microsoft inkawonjezera pa XP), imaona 137 GB yokha ya hard drive. Funani ya Service Pack 3, ndipo nambala ya layisensi ikhale pafupi. Muchite zonsezi pa nthawi imene mukudziwa kuti magetsi sathima, kapena mulumikize ku UPS, batire losunga kompyuta yoyaka magetsi akathima.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi cha pambuyo pake. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za XP pa 8 Epulo 2014. Kompyuta imeneyi isalowe pa intaneti, ndipo flash ya kasitomala isalowemo, chifukwa m'mashopu osindikiza ndi mmene mavayirasi a pa flash amaswanirana. Muzilandira ntchito pa kompyuta ina ya Windows yatsopano, n'kusamutsa ndi flash yanu imodzi yodziwika. Makina odulira akangoyamba kudula bwino, tsiku lomwelo koperani chigawo chonse cha C ndi pulogalamu ya Clonezilla, musunge pa hard drive ina, ndipo mphwanu uja mumuonetse pamene mwasunga.