Kapuleti ka Thos. W. Ward pa lathe yanu

Achimwene ena andilembera imelo kuti agula lathe yakale (makina osemera zitsulo mozizunguliza) yokhala ndi kapuleti kamkuwa kolembedwa Thos. W. Ward, Sheffield, ndipo akufunsa komwe angapeze masipeya a kampaniyo.

Funsoli landikumbutsa chilonda. Chaka changa chachiwiri kuno ku England ndinapita ku okushoni ya fakitale ina yomwe inali itangotsekedwa. Makina ali ndandanda, alionse atamatidwa nambala, fungo la mafuta likadali tho. Bambo wina waimvi anaima pambali pa lathe ina, akuipukuta ndi kansanza, chikhalirecho ntchito inali itawathera. Anandiuza kuti makinawo ndi amene analerera ana awo. Ndinagula yomweyo. Tsiku lokanyamula ndi pomwe ndinazindikira kuti chuck (chopanira chitsulo chomwe chikusemedwa) ndi magiya ake anaziika m'bokosi lapadera, nambala yakenso ina, ndipo zinapita ndi munthu wina. Ndinasakasaka magiyawo miyezi 8.

Kuyambira pamenepo okushoni sindiikonda, ndipo sindibisa. Imamwaza zinthu zomwe zinakhalira limodzi zaka makumimakumi, pofuna kuti kandalama kachuluke. Pomwe kampani ya Myford ya ku Beeston, yomwe inatchuka ndi lathe yotchedwa ML7 kuyambira 1946, inkatseka mu 2011, katundu wa m'fakitale yake anapitanso choncho, ndipo nkhaniyo inandidyetsa mutu masiku angapo.

N'chifukwa chake ogulitsa makina akale ngati Ward ndimawapatsa ulemu. Thomas Ward anayamba bizinesi yake ku Sheffield mu 1878. Ankagula zitsulo zakutha, kuphwasula sitima zapamadzi ndi mafakitale, koma makina omwe anali ndi moyo ankawapatula, n'kuwagulitsanso atakhomapo kapuleti kake. Pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse, mahatchi atatengedwa kupita kunkhondo, kampaniyi inkakoketsa zitsulo ndi njovu yotchedwa Lizzie m'misewu ya Sheffield. Ku London kunali George Cohen, wa pa nambala 600 Commercial Road, komwe kunachokera dzina la 600 Group, ndipo iwowa anafika pogula kampani yopanga ma lathe ya Colchester. Anthu amawanena kuti ankalemerera pa maliro a mafakitale. Ine ndimati popanda iwo, makina ngati anuwo akanasungunulidwa kalekale.

Tsono yankho lanu

Kapuleti ka Ward wa ku Sheffield nthawi zambiri kamasonyeza wogulitsa, osati wopanga makinawo; musamusokoneze ndi H. W. Ward wa ku Birmingham yemwe ankapangadi ma lathe a mtundu wa capstan. Pukutani thunthu la makinawo ndi palafini, mufufuze dzina loumbidwa m'chitsulo momwemo, komanso nambala yodindidwa kumapeto kwa bedi (tsinde lalitali la makinawo), mbali ya tailstock (chogwiriziza nsonga ina ya chitsulo chomwe chikusemedwa). Masipeya mufunse ndi zimenezo. Koma kapuletiko, achimwene, chonde musakachotse popenta.