Setifiketi ya ku Joni siigwira ntchito ku Harare

Achimwene, mwafunsa ngati mphwanu amene anakwatirana ndi mwamuna mnzake ku Johannesburg angalembetse ukwatiwo kuno ku Harare. Yankho ndi ayi. Ku South Africa lamulo linalola maukwati otere mu 2006, koma malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 anatseka khomo pa ndime 78, yomwe imaletsa anthu ofanana ziwalo kukwatirana. Khoti silingalumphe ndimeyo, ndiye musataye ndalama kwa maloya pa nkhani ya setifiketi.

Chofunika kusamala kwambiri n'china. Ndime 73 ya lamulo la milandu imalanga amuna ogonana okhaokha, ndipo chilango chimatha kufika chaka chimodzi m'ndende. Akabwera kudzaona amayi ku Mbare, pepalalo lisatuluke m'chikwama pa chipata cha malire cha Beitbridge.

Kumudzi ku Malawi nkhani ndi yowawa kuposa apa. Mu 2010 khoti ku Blantyre linagamula awiri ena zaka 14 atachita chinkhoswe, mpaka Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Mu 2024 khoti linakananso kuchotsa lamulo loletsa anthu ofanana ziwalo kugonana. Ku Botswana khoti linachotsa lamulo lotere mu 2019.

Za katundu alembe wilo, zisadzavute mtsogolo. Bungwe la GALZ, loimira anthu okondana ndi ofanana nawo ziwalo, liliko kuno, angathe kukafunsa uphungu.