Yankho la malume kwa mphwawo amene wayamba ntchito ku Kamwendo

Eee mphwanga, uthenga wako ndaumva. Amayi ako nawo ali pagulu pano, ndiye ndilankhula kuti onse amve. Wati patha sabata ziwiri chiyambireni ukalaliki pa depoti yogula soya ndi mtedza ku Kamwendo, anzako akale sakukuuza kanthu, ukuona ngati sakukufuna, ndiye ukufunsa ngati upirire kapena uziyang'ana kwina.

Khala pomwepo. Sabata ziwiri munthu sunganene kuti akudana nawe, akungokuyang'ana kuti ndiwe wotani, kaya kazitape wa abwana kaya munthu wabwinobwino. Ndiye dipuloma yakoyo uyambe waipinda kaye. Pamalo ngati amenewo odziwa ntchito ndi anyamata onyamula matumba aja. Amangolowetsa dzanja m'thumba la mtedza, kutola njere imodzi, kuiluma, basi akuuza kuti uwu anauwaza madzi posenda, uchita chuku mwezi usanathe. Thumba la soya akangoligwedeza amadziwa kuti pansi pali mchenga. Iweyo ukayang'ana sikelo ikunena makilo 50, ulemba 50, mawa akapeta atsala 46, afunsa ndani? Wolemba. Ndiye uziwapatsa moni m'mawa, mlonda yemwe, uzifunsa ngakhale funso looneka lopusa. Safunsa anadya phula. Ndipo mawu oti "kusukulu anatiphunzitsa mwakuti" asatuluke pakamwa pako chaka chino.

Koma mvetsa bwino apa, chifukwa ena kudzichepetsa amakutenga ngati kuvomera chilichonse. Usasaine matumba amene sunawerenge ndi maso ako. Lole ikupakira kupita ku Kanengo, dalaivala akuliza hutala, wina akuti "ingosaina mphwanga, tawerenga kale", ayi. Imirira pamenepo, werenga, ukatero usaine. Adzadandaula tsiku loyamba, lachiwiri adzazolowera. Katundu akasowa amayamba kuloza watsopano. Ukhalenso ndi kakope kako kolembamo zimene walandira ndi zimene zatuluka tsiku lililonse.

Za mapepala tsopano. Lamulo la ntchito, Employment Act ya 2000, limati akupatse kalata yofotokoza ntchito yako, malipiro ndi maola, mwezi usanathe chiyambireni. Nthawi yokuyesa siyenera kupitirira miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo iwo kapena iwe mutha kuthetsa ntchito popanda notisi, n'chifukwa chake ndikuti usamachedwe, ngakhale mvula igwe. Maola ndi 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Ngati akulemba wokhazikika, osati wa nyengo yogula mbewu yokha, penshoni amadula 5 peresenti kwa iwe, kampani n'kuikapo 10. Kafunse mwaulemu, kwa abwana mwini, osati kukalankhulira pa chiwaya cha tchipisi. Zikavuta pali ofesi ya leba pa boma pa Mchinji, koma sitinafike kumeneko.

Komanso, aaa, ndisaiwale. Katapila asakukope malipiro oyamba asanatuluke, ngakhale akhale mnzako wa pantchito pomwepo. Ndipo inu nonse pagulu pano, alongo anga, azakhali ake, mwanayu musiyeni apume miyezi itatu, za mayunitsi ndi feteleza zidikire, ayambe wagula matiresi ndi mbaula.

Kalatayo akakupatsa uijambule unditumizire kumbali, tiione limodzi usanasaine.