Magiya amachulukitsa torque, osati horsepower

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) inaonetsa manambala otsika m'giya yachitatu kusiyana ndi yachinayi, injini ili yomweyo. Galimoto yanu ilibe vuto.

Giya yotsika imachulukitsa torque (mphamvu yopotokola) koma imachepetsa liwiro la matayala. Tinene kuti injini ikutulutsa torque ya 300 lb-ft, giya yoyamba ndi 3.5:1, difu (magiya ogawira mphamvu kumatayala) ndi 3.7:1. Kumatayala kukufika pafupifupi 3,885 lb-ft, koma matayalawo akuzungulira kamodzi pomwe injini yazungulira pafupifupi ka 13. Horsepower (muyeso wa mphamvu) ndi torque kuchulukitsa ndi rpm (kangati chinthu chikuzungulira pa mphindi), kugawa ndi 5252, ndiye chomwe mwapindula uku mwataya uko. Mphamvu siwonjezeka, imangochepako chifukwa cha kukhulana kwa zitsulo.

Nanga kutsikako? M'giya yotsika injini imakwera rpm mofulumira kwambiri, ndipo mphamvu ina imathera pofulumizitsa flywheel (chitsulo cholemera chozungulira limodzi ndi injini) ndi mashafuti isanafike pa rola ya dyno yomwe matayala amazungulitsa. Izi zimaonekera kwambiri pa inertia dyno, yomwe imayeza mphamvu poona mmene rola yolemera ikufulumirira.

N'chifukwa chake amisiri amakonda giya yoyandikira 1:1, kawirikawiri yachinayi pa bokosi la magiya asanu. Onetsetsaninso kuti dyno ikuwerenga rpm ya injini molondola, apo ayi torque idzalakwika. Mukabwererako, yezani m'giya yomweyo.